Nyimbo Zitatu Zomwe Mwini Wake Sanazimve

M'kabati ya m'shopu yanga ku Chiputula, kuno ku Mzuzu, kuseri kwa mawailesi omwe eni ake anawaiwala, muli kabokosi kakuda kosungira zinthu za pa kompyuta. M'kabokosimo muli nyimbo zonse zomwe bandi yathu inajambula, zotuluka ndi zosatuluka zomwe. Zitatu mwa izo sizinatulukepo ndipo sizidzatuluka. Ndi zokoma kuposa chilichonse chomwe tinayimbapo, ndipo ndikunena izi ine amene ndinaliza besi m'bandiyo kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku lomwe tinaika woyimba wathu m'manda. Mawu a mkazi amene ali m'nyimbo zitatuzo sanali a bandi yathu. Tinachita kubwereka, ndipo wokabwereka ndinali ine.

Ndinakulira ku Ching'ambo. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala banja la Chisilamu lochokera kum'mwera, bambo a pakhomopo ankagulitsa zitenje mumsika waukulu. Mwana wawo wamkazi ankachapa m'mawa uliwonse pafupi ndi mpandawo, ndipo pochapa ankayimba. Zina zinali za m'Chiyao zomwe sindinkamva tanthauzo lake, zina zinali za pa wailesi zomwe ankazipotoza mwanjira yake mpaka mwini nyimbo akanachita nsanje. Mayi anga ankatsogolera kwaya ya amayi ku tchalitchi ndipo sankayamikira munthu wamba. Koma mtsikanayo akayamba, iwo ankaimitsa tsache n'kunena kuti, "Mwana yura wali na mazgu chomene," kutanthauza kuti mwana uja ali ndi mawu kwabasi. Akatero ankapitiriza kusesa ngati sananene kanthu.

Bandi yathu inali ya anthu anayi: woyimba, wang'oma, wa kiyibodi ndi ine. Chomwe tinkachitcha situdiyo chinali chipinda cha lendi cha wa kiyibodi ku Luwinga. Tinakhoma mathireyi a mazira m'makoma, ndipo pojambula tinkaimika matiresi pazenera kuti makondakitala oitanira anthu pamsewu asalowe m'nyimbo. Ena analowabe. Mukamvetsera bwino chimbale chathu choyamba mumva munthu akukuwa kuti minibasi yatsala ndi malo awiri.

Chaka china woyimba wathu analemba nyimbo zitatu zofuna mkazi woyankha. Tinayesa atsikana a m'makwaya atatu, onse ankayimba nyimbo ya chikondi ngati akupepesa kwa abusa. Ndipamene ndinatsegula pakamwa panga n'kunena kuti ndikudziwa munthu.

Ndinamufunsa kudzera pa mpanda, manja ake ali m'thovu. Poyamba anaseka. Ataona kuti sindikuseka nawo, anayang'ana ku khomo la nyumba yawo n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, ndibwera. Koma bambo asamve. Akamva, ine ndatha."

Ndinagwira pamtima n'kulumbira kuti palibe amene adzamve.

Anabwera masana atatu, masiku omwe ankatumidwa kukasiya nsalu kwa telala wina wa ku Luwinga. Ankavula nsapato pakhomo la chipinda chathu chonunkha masokosi ngati akulowa m'nyumba ya ulemu. Mahedifoni ankawavala pamwamba pa mpango wake. Woyimba ankamuyimbira ndime yake kamodzi, iye n'kugwedeza mutu, basi tajambula. Tsiku loyamba atangotulutsa mawu ndinaphonya nyimbo yanga ya besi, wang'oma anagwetsa ndodo, ndipo woyimba wathu, munthu amene sankasowa chonena ngakhale pamaliro, anangoti kukamwa yasa. Nyimbo yokoma kwambiri inali yachitatu. Mwamuna akunena kuti akudikira pa depoti ndipo basi ikunyamuka, mkazi akuyankha kuti dikira ndikubwera, ngakhale a kwathu andiletse. Mawu onsewo analemba ndi woyimba wathu, mtsikanayo sanawonjezerepo ngakhale limodzi. Pojambula ankaima kutali naye, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

Masiku onse atatu ankachoka tisanabwezere nyimbo kuti amve momwe yatulukira. Ankanyamula mtolo wake wa nsalu, kuvala nsapato, n'kunena kuti, "Ndidzamva tsiku lina." Chaka chomwecho anamutumiza kum'mwera kukakwatiwa ndi mwamuna amene akuluakulu anamupezera. Ife tinatseka nyimbozo. Woyimba anakana kuzipereka kwa mkazi wina, ndipo pa ichi chokha sindinakanganepo naye.

Zaka zinapita. Tinatulutsa zimbale ziwiri, tinayimba m'maukwati ndi m'malo omwera mowa, tinatchuka kufika ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay, osapitirira pamenepo. Bambo a mtsikana uja atamwalira, iye anabwerera ku Mzuzu ndi mwamuna wake ndi ana atatu kudzapitiriza shopu ya zitenje. Anali mayi tsopano, wolemekezeka pakati pa amayi a ku mzikiti, ndipo ndinamva kuti pa maukwati a kwawo ndiye ankayambitsa nyimbo kumbali ya amayi. Ndikadutsa pa shopu yake tinkapatsana moni. "Muli bwanji achimwene?" "Ndili bwino, kaya inu alongo?" Za nyimbo zija sitinatchulepo ngakhale kamodzi.

Woyimba wathu anamwalira chaka chatha atadwala miyezi ingapo. Banja lake litakonza zomanga chiliza, wang'oma anabwera ndi nzeru yoti pa tsiku la chilizalo titulutse chimbale cha zonse zomwe zinatsala m'kabokosi. Nzeruyo inali yabwino, sindikukana. Tinakumana m'shopu yanga masana a mvula yowaza ija ya kuno yosadziwa kusiya, ndipo ndinalumikiza kabokosiko ku sipika. Tinamvera nyimbo khumi ndi ziwiri za ife tokha, zambiri mwa izo zinali zoti sizinatuluke chifukwa sizinali zoyenera kutuluka. Kenako zinabwera zitatu zija. Zitatha, wang'oma ndiye anayamba kuyankhula.

"Mdala, chimbale ndi ichi," anatero wang'oma. "Zinazo ndi zodzazira malo basi."

"Zitatu izi si zathu," ndinatero ine.

"Si zathu bwanji? Ng'oma ndi zanga, besi ndi yako, mawu analemba ndi malemu, chipinda chinali cha uyu. Chomwe sichathu ndi chani apa?"

"Theka la mawu oyimbawo."

Wa kiyibodi, amene masiku ano ndi dikoni ndipo amayankhula ngati akuwerenga zolengeza, anati kwa iye nkhani inali ina. Anthu amatidziwa ndi mawu a mwamuna mmodzi, anatero, ndipo chimbale chokumbukira bandi chiyenera kukhala cha bandi. Zomwe tinayesa ndi alendo zikhale m'kabati. Wang'oma anamuseka chikhakhali.

"A dikoni, inu mukuopa kuti anthu amva zoti mlendo anatiposa tonse m'masana atatu. Tamverani. Malemu sanayimbepo chonchi kwina kulikonse. Mukufuna timukumbukire ndi nyimbo ya kampeni ya katemera wa nkhuku?"

Pamenepo ankanena zoona, ndipo izi ndi zomwe zinandipsetsa mtima kwambiri. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ngati vuto ndi mayiyo, sitilemba dzina. Tingolemba kuti ndi mlendo, finishi. Ndani angazindikire mawu a mtsikana wa zaka makumi awiri zapitazo? Mzuzu yonse ino tikudziwa ndife atatu."

Ndinaimirira. Ndinamukumbutsa kuti moyo wake wonse sanapemphepo chinthu, amangotenga. Jekete yanga ya chikopa anatenga osapempha, ndodo za ng'oma za bandi ya tchalitchi anatenga osapempha, tsopano akufuna kutenga mawu a munthu wamoyo n'kufufuta dzina lake. Ndinamutcha wakuba pamaso pa mayi wina amene anabwera kudzatenga ayironi yake. Ndinamaliza ndi mawu omwe mpaka lero amandiwawa ndikawakumbukira. Ndinati ine ndinaleredwa, ndipo ndipita kukapempha mwa dongosolo.

Dongosolo lomwe ndinkalidziwa linali la kwathu. Bambo anga anandiphunzitsa kuti mkazi wa mwini supita naye pambali kukanong'onezana nkhani, umadzera kwa mwamuna wake. Mlongo wanga atakwatiwa, ngakhale ine mchimwene wake ndikafuna kuti abwere kudzaona mayi ndinkayamba ndauza alamu. Ndinaganiza kuti kwa Asilamu ndiye kuyenera kutero kawiri. Ndinadziona ndikuima pa shopu ya zitenje ndikunong'oneza mkazi wa munthu, msika wonse ukuyang'ana, ndipo ndinati ayi, ndimunyozetsa. Nanga lumbiro lija? Ndinadziuza kuti amene ankamuopa anali bambo ake, ndipo bambowo anagona kale. Mwamuna amene wakhala naye zaka zonsezi, wabereka naye ana atatu, angalephere bwanji kudziwa kankhani ka utsikana? Ndinadzifunsa ndekha n'kudziyankha ndekha. Iyeyo sindinamufunse.

Ndinasankha dala tsiku lomwe ndinkadziwa kuti mayiyo sakhala pa shopu. Ndinavala jekete ndi nsapato zopolisha. Mwamuna wake ndi munthu wamtali, wofatsa, wa ndevu zoyamba kuyera. Anandipatsa mpando kuseri kwa kauntala n'kuitanitsa tiyi. Ndinayamba monga timayambira kwathu pamaso pa munthu wamkulu: kupepesa chifukwa chomusokoneza pa ntchito, kufotokoza kuti ndine mwana wa ndani, kukumbutsa kuti apongozi ake anali anansi athu abwino. Ndinkadzimva kukoma poyankhula. Ndinafotokoza za malemu, za chiliza, za chimbale. Kenako ndinati pali nyimbo zitatu zomwe amayi a kunyumba kwawo anatithandiza kale asanakwatiwe, ndipo sitingazitulutse popanda chilolezo chawo monga mutu wa banja.

"Nyimbo?" anafunsa.

Pamenepo munthu wanzeru akanadziwa. Ine ndinatulutsa foni, ndipo mwa zitatuzo ndinasankha yokoma kwambiri, ya pa depoti ija, chifukwa ndinkafuna kuti anyadire.

Anamvera yonse osagwedezeka, kapu ya tiyi ili m'manja. Mayi wina analowa kufunsa mtengo wa chitenje, iye anangomukweza dzanja kuti adikire. Nyimbo itatha anati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Mkazi wake, ali ndi zaka makumi awiri, anayimbanso m'shopu ya bambo ake kuti dikira ndikubwera, ngakhale a kwathu andiletse.

"Mwamuna akuyimba nayeyo ndi ndani?"

"Ndi malemuyo, bambo."

"Pepani. Ndiye munajambula liti?"

Ndinamuuza chaka. Anawerenga m'mutu, ndipo ndinaona pa nkhope yake kuti wapeza kuti ndi chaka cha ukwati wake. Ndinayamba kuthamangitsa mawu. Ndinati mawuwo analemba ndi malemu, mayi anangopatsidwa kuti ayimbe, panalibe china chilichonse, ine ndinalipo masana onse atatu. Mawu aliwonse omwe ndinkawonjezera ankaipitsa nkhani. Iye anaika kapu pa kauntala mosamala.

"Zikomo kuti mwadzera kwa ine, achimwene. Mwachita ulemu. Ine sindinkadziwa. Za kutulutsazo, ayi, zisatuluke."

Anandiperekeza mpaka pakhomo n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ndinayenda wapansi mpaka ku Chiputula, makabaza akundiitana ine osawamva.

Nditauza anzanga, wang'oma sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Anangondithokoza monyoza kuti, "Yewo, a dongosolo. Yewo chomene." Wa kiyibodi anati mwina ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo ndinatsala pang'ono kumuponyera sikuludiraiva.

Chimbale chinatuluka pa tsiku la chiliza ndi nyimbo khumi ndi ziwiri zija, ya katemera wa nkhuku ili momwemo. Anthu anagula chifukwa cha chisoni. Sindinamvepo chikulira m'minibasi iliyonse. Umu ndi momwe Mzuzu idzamukumbukire mnzathu, ndi zotsalira zake.

Pa shopu ya zitenje panayamba kukhala mlamu wake wa mayi uja. Ndinadutsapo kangapo ngati ndikupita kwina, sindinamuone. Panatha miyezi iwiri. Tsiku lina cha m'ma teni koloko ndikuwotcherera waya, ndinamva munthu akuodira pakhomo la shopu yanga. Anali iye, atanyamula kawailesi kakang'ono m'jumbo. Anakaika pa tebulo n'kunena mokweza kuti kakukana kulira. Anakhala pa benchi ya makasitomala, osati pafupi.

Ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Achimwene, tsiku lija pa mpanda munapempha ndani?"

"Inu."

"Ku Luwinga anabwera ndani?"

"Inu."

"Ndiye chinavuta n'chiyani kuti mubwerenso kwa ine?"

Ndinati ndinkafuna kumulemekeza, kuti kwathu nkhani ya mkazi wokwatiwa imadzera kwa mwamuna. Anapukusa mutu.

"Kwanu. Kwathu, ikakhala nkhani yoti ine sindingaimalize, imapita kwa mlongo wanga kapena kwa amalume, osati kwa bambo a ana. Koma iyi sinali ya malume, sinali ya aliyense. Munadutsa pa shopu panga zaka zingati mukundipatsa moni? Mawu awiri okha. Ndikanakuuzani inde kapena ayi."

Ndinafunsa ngati akumuvutitsa kunyumba. Ndinali wokonzeka kumva zoti anamumenya kapena kumuthamangitsa, mwina chifukwa zikanandipatsa munthu wina woti ndimukwiyire.

"Bambo aja samenya munthu," anatero. "Sanakweze n'komwe mawu. Anandifunsa kamodzi kuti ndinkafuna kupita kuti chaka chimene chija. Ndinawauza kuti inali nyimbo chabe. Anati amva. Amadya, amaseka ndi ana, amandigulira zonse. Koma ndikangoyamba kuyimba chapansipansi posita, amanyamuka n'kutuluka panja. Ndiye ndinasiya. Sabata yatha kunali ukwati wa mwana wa mnzanga, amayi anandiyang'ana kuti ndiyambitse, ndinati ndili ndi chifuwa."

Ndinayang'ana waya womwe ndinali nawo m'manja. Ndipo chifukwa ndine munthu wosadziwa kutseka pakamwa, ndinamuuza zomwe wang'oma ankafuna, zoti tingotulutsa popanda dzina, ndi momwe ndinamukanira. Ndikuganiza kuti ndinkafunabe kuti andiyamikire pa kanthu kena.

Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Akanatero. Ndani akanadziwa? Bambo aja samvera nyimbo za bandi. Ine ndikanakwera minibasi tsiku lina, n'kumva mtsikana akuyimba pa sipika, n'kukhala phee pampando wanga ndikudziwa ndekha. Ndikanapitirira dala mpaka ku Luwinga kuti nyimbo ithe kaye."

Sindikunena kuti wang'oma anali wolondola. Kutenga mawu a munthu osapempha ndi kuba, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka kufa. Koma wakubayo akanamusiyira mayiyo nyimbo zake ndi mtendere wa pakhomo pake, pomwe ine wa jekete ndi nsapato zopolisha ndinamulanda zonse ziwiri. Izi zimandinyansa, ndipo palibe amene ndingamukwiyire kuposa amene ndimamuona pagalasi pometa.

Anaimirira n'kukonza mpango wake. Atafika pakhomo anaima, osatembenuka.

"Achimwene, ndifunse chinthu chimodzi. Kodi ndinayimba bwino?"

Pamenepo mpamene ndinakumbukira kuti sanazimvepo. Ine ndinazimva kambirimbiri, wang'oma anazimva, dikoni anazimva, mwamuna wake anamva imodzi kawiri konse. Mwini mawu ankangodikira tsiku lina lija.

Ndinati palibe chomwe tinajambulapo chofika pamenepo. Ndinatsegula kabati mofulumira, ndinatulutsa kabokosi kaja ndi mahedifoni. Ndinati akhale pansi mphindi zochepa, palibe amene angamve, ndiika zonse zitatu.

Anayang'ana mahedifoniwo nthawi yaitali.

"Ayi," anatero. "Zaka zonse zija ndikanamva ndi makutu anga. Pano ndikamva, ndizingomva zomwe anamva iwo."

Anatuluka n'kuimitsa kabaza. Madzulo ake ndinatsegula kawailesi kake kuti ndione vuto. Ndinaika mabatire, kanalira nthawi yomweyo. Kalibe vuto lililonse. Kakadali m'kabati momwemo, pamwamba pa kabokosi kakuda kaja, ndipo sanabwere kudzakatenga.